Zala zatuluka matuza: za Stevie Ray Vaughan, mawaya okhuthala ndi nkhani ya mowa

Wa ku Chikanda: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso. Usiku wathawu ndinaonera kanema pa YouTube, mzungu wina wa chipewa chakuda akuimba gitala pa chikondwerero cha nyimbo ku Montreux, dzina lake Stevie Ray Vaughan. Ndabwereza kanayi mpaka bandulo kutha. Gitala ija imalira ngati munthu. Ndayesa kukankha waya mmene amachitira iye, zala zatuluka matuza koma mawu ake osafika n'komwe. Chinsinsi chili pati, pa gitala kapena pa ampu? Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi akuti anthu ngati amenewa amayamba akoka kaye, n'chifukwa chake samva kuwawa.

Wamawayilesi pa Msika: Taswera mphwanga. Uyambe wandiuza, wamanga mawaya a nambala chani?

Wa ku Chikanda: A 9, achimwene. Ndinagula ku Limbe.

Wamawayilesi pa Msika: Ndiye tamvera. Ambirife timamanga 9 kapena 10 chifukwa ndi ofewa. Mkuluyu kawirikawiri ankamanga 13 pa kawaya kam'munsi kaja, ena onse n'kumakhuthala choncho kukwera m'mwamba. Mawayawo ankawakwezanso patali ndi khosi la gitala, ndiye kuti uwadinikize pamafunika dzanja la munthu wolima. Chimene chinkamuthandizako n'chakuti gitala yonse ankaitsitsa pang'ono potchuna, E n'kukhala E flat, mawaya n'kumasukako. Waya wokhuthala ukaumenya mwamphamvu umatulutsa mawu onenepa, odzadza. Koma zala zinkang'ambika ndithu, moti pena ankamata khungu ndi supagulu kuti amalize kuimba. Za zipangizo, gitala yake yaikulu inali Fender Stratocaster yakale yosupuka penti, ankaitcha Number One, anaigula mu mzinda wa Austin ku America itagwirapo kale ntchito. Ampu zambiri zinali za Fender, ndi kabokosi kobiriwira ka Ibanez kopondera ndi phazi kotchedwa Tube Screamer. Ine kabokosi kameneka ndinakatsegulapo kamodzi, wina anabwera nako kuchokera ku Joni. Mkatimo mulibe zamatsenga. Ndi tizipangizo tochepa kuposa ta muwayilesi.

Wa ku Chikanda: Ndiye ndigule a 13?

Wamawayilesi pa Msika: Ayi, usayerekeze panopa. Gitala zathu zotsika mtengozi khosi limapindika. Ngakhale iyeyo, zala zikamuvuta amene ankamusamalira magitala, René Martinez, ankamunyengerera kuti atsikeko pa owonda. Kwera pa 10 kaye.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Moni nonse. Ndaona dzinali ndasiya kuchonga makope. Mwana wanga wa ku Chikanda, kanema waoneray ndi wa chaka chiti? Pakuti ku Montreux anapitako kawiri, 1982 ndi 1985.

Wa ku Chikanda: Wa 1982, aphunzitsi. Koma ndinadabwa, kumapeto kwa nyimbo kumamveka ena akuwomba m'manja ena akukuwiza.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Wamva bwino. Usiku umene uja ndi umene unatembenuza moyo wake, koma iye anatsika pa nsanja ali wosweka mtima. Ndiyambe kumbuyo pang'ono.

Anabadwa pa 3 Okutobala 1954 ku Dallas, m'chigawo cha Texas ku America. Mkulu wake Jimmie ndi amene anayamba gitala, ndipo Stevie ankadikira kuti mkuluyo achoke pakhomo kuti agwireko. Anayamba ali ndi zaka 7. Sanaphunzire kuwerenga manotsi moyo wake wonse, ankangotchera khutu ku zimbale n'kumabwereza mpaka chala chipeze pamene pali mawu. Sekondale sanamalize, mu 1972 anasamukira ku Austin. Ndiye muwerenge zaka: kuchokera 1972 mpaka 1982, zaka khumi zathunthu akuimba m'mabala, kugona pa mipando ya anzake, kunja kwa Texas osadziwika kwenikweni. Gulu lake lomaliza analitcha Double Trouble, anthu atatu basi: iyeyo, Chris Layton pa ng'oma, Tommy Shannon pa bezi.

Ku Montreux, m'dziko la Switzerland, anawaitana alibe ndi chimbale chomwe. Anawaika usiku umene oimba ena ankaimba ndi magitala opanda magetsi, mofatsa. Atatuwa anangofika ndi phokoso lawo la m'mabala a ku Texas, ena mwa anthu osakondwa. Koma pamalopo panali oimba otchuka David Bowie ndi Jackson Browne. Bowie anamutenga kuti akaimbe gitala pa chimbale chake cha Let's Dance cha 1983. Browne anawapatsa situdiyo yake ku Los Angeles ulere, iwo n'kujambula masiku atatu okha nyimbo zimene zinadzakhala chimbale cha Texas Flood. John Hammond, mkulu yemwe uja anatulukira Bob Dylan ndi Aretha Franklin, anawathandiza kulowa ku kampani ya zimbale ya Epic Records. Mu 1985 atabwerera ku Montreux anali mlendo wolemekezeka.

Amake Tadala: Aphunzitsi mwafotokoza bwino. Ine za magitala sindidziwa zambiri, ndine wa kwaya, koma zaka khumi zija zandikhudza. Ana athu akaimba miyezi itatu akufuna kale kumveka pa wayilesi.

Wa Kiyibodi ku Sadzi: Pepani aphunzitsi, ine ndiika maganizo osiyana. Munthuyu ankaimba, sindikana. Koma mukamvera Albert King, katswiri wachikuda wa gitala ya blues, kenako n'kumvera iyeyu, mupeza kuti kakokedwe ka waya n'komweko. Mukamvera katswiri wina wa gitala, Jimi Hendrix, zina zonse zili mmenemo, mpaka kuimbira gitala kumsana. Nanga chake n'chiti? Ndiponso chimene chimandiwawa ine, blues ndi nyimbo za anthu akuda, zidzukulu za akapolo, zochokera m'minda ya thonje ku Mississippi. Eni ake anakalamba ali osauka, kubwera mzungu ndi chipewa dziko lonse n'kuimirira.

Wamawayilesi pa Msika: Apa ndiye mwaponya mwala pa mng'oma wa njuchi.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Achimwene a ku Sadzi, theka la mawu anu ndikuvomera ndi mtima wonse. N'zoona kuti makampani a zimbale ndi mawayilesi a kumeneko ankatsegulira msanga mzungu khomo limene wakuda wagogodapo zaka makumi atatu. Zimenezo sitingazipake mafuta. Koma funso langa n'lakuti, iyeyo atalowa anachita chiyani? Sanabise kumene anatapa. Pafupifupi paliponse pamene ankafunsidwa ankatchula Albert King, B.B. King, Freddie King, Buddy Guy, Hubert Sumlin, Lonnie Mack, Hendrix. Albert King anali munthu wovuta, wosalola mwana aliyense kukwera pa nsanja yake. Koma ku Antone's, malo a blues amene anatsegulidwa ku Austin mu 1975, anamulola mnyamatayu, ndipo kuyambira pamenepo anamutenga ngati mwana wake. Mu Disembala 1983 anajambulitsa limodzi pulogalamu ya pa kanema ku Canada. Mukaione. Stevie anali atatchuka kale, koma wakhala pambali mwaulemu, maso ali pa madalawo, kudikira kuti apatsidwe mpata.

Komanso kumbukirani nthawi yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 blues inali itazilala, mawayilesi adzadza ndi nyimbo za makina. Buddy Guy anatha zaka zambiri wopanda kampani yaikulu yomujambula, anadzabwerera mwamphamvu mu 1991. Achinyamata ambiri anafika kwa akuluakuluwa podzera kwa Stevie.

Wa Kiyibodi ku Sadzi: Za ulemu ndamva. Koma za kukopera simunandiyankhe.

Wamawayilesi pa Msika: Ndiyankheko ine pamenepo, chifukwa ndi nkhani ya manja. Albert King anali wamanzere, ankatenga gitala ya akumanja, Gibson Flying V, n'kungoitembenuza osasintha mawaya. Ndiye kawaya kowonda kankakhala pamwamba, iye n'kumakakokera pansi, kumene dzanja lili ndi mphamvu zambiri. Stevie kuti apeze mawu omwewo ankayenera kukankhira m'mwamba, pa waya wa 13. Imeneyo si ntchito yongokopera ngati homuweki. Ndipo Albert ankaimba manotsi ochepa, kusiya mipata. Stevie ankathira ngati mvula ya Januwale, osapuma, dzanja lamanja likukwapula mawaya onse asanu ndi limodzi pamene lamanzere latseka osafunikawo. Kakwapulidwe kameneko ndi kake.

Wa Kiyibodi ku Sadzi: Chabwino, pa dzanja lamanja ndagonja. Koma ine ndikasankha wokhala naye pa chilumba cha Chisi ndi chimbale chimodzi, nditenga Albert King.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Ndipo Stevie mwini akanakuvomerezani. Koma nkhani mwaiyambitsayi itibwerere ifeyo. Ndi angati mwa anyamata oimba muno mu Zomba amene akafunsidwa amatchula Allan Namoko? Munthu wosaona wa ku Thyolo, banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band, mawu olira aja, anthu akunja akamva amati iyi ndi blues ya ku Malawi. Nanga Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene chala chachikulu chinkayenda pa bezi zala zina zikuimba nyimbo, ngati anthu awiri? Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anayamba kugwira ntchito ndi a Kachamba mu 1967, ndipo ndi yemweyo analemba zambiri za mizu ya blues mu Africa. Ifeyo timatapa kwa akuluakuluwa n'kumakhala chete ngati tinabadwa nazo.

Amake Tadala: Bambo anga ankatsegula wayilesi m'mawa, Namoko akangoyamba aliyense chete. Mpaka lero ndikamva ndimaona khonde la kwathu ku Jali.

Wa ku Chikanda: Zikomo akuluakulu, ndaphunzira zambiri. Koma funso lija la mnzanga palibe wayankha. Ndawerenga kuti ankamwadi kwambiri. Ndiye mwina mnzangayo sakunama? Chifukwa ngakhale kuno anyamata akamapita kukaimba amati tiyambe tachotsa manyazi.

Madala a Bezi: Ndakhala ndikuwerenga chiyambire madzulo, foni ndimachedwa nayo kulemba. Funso limenelo ndisiyireni ine.

Mwana wanga, ndaimba bezi zaka zoposa makumi awiri, m'mabala a muno, ku Liwonde, ku Balaka, mpaka ku Mangochi nthawi ya Khirisimasi. Panali bala ina, sinditchula, mwini wake ankatilipira theka ndalama theka mowa. Ankati oimba ndi mmene amafunira. Ife tinkaona ngati ulemu. Poyamba botolo limodzi kuti manyazi achoke. Patapita zaka, popanda botolo manja ankanjenjemera ndisanagwire n'komwe gitala. Mowa wa m'botolo utadula tinatsikira ku kachasu, kenako timasacheti tija. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikamwa ndimaimba bwino. Tsiku lina mwana wa mlongo wanga anatijambula pa kaseti ku ukwati. Nditamvera ndili bwinobwino ndinalira. Ndinkathamangira kutsogolo kwa ng'oma, nyimbo yonse ndikuikoka ngati ng'ombe yolusa, ndipo pamene ndinkaimba ndinkamva ngati ndikuuluka. Mowa sukometsa kuimba, umangogonthetsa khutu la woimbayo.

Nkhani ya Stevie ndimaidziwa chifukwa inandigwira dzanja nthawi imene ndinkasiya. Bambo ake ankamwa, ndipo anali aukali akamwa. Iye anayamba kulawa zotsala za bambo akewo ali mwana wamng'ono. Atakula anawonjezera kokeni, mpaka kufika pomasungunula kokeniyo mu wisiki n'kumamwa m'mawa ngati tiyi. Zinamudya m'mimba. Mu 1986 bambo ake anamwalira mu Ogasiti, patangotha mwezi iye anagwa ali pa ulendo woimba ku Germany, akusanza magazi. Ku London dokotala anamuuza mosabisa kuti akapitiriza, kwatsala ndi masabata. Anabwerera kwawo n'kukalowa ku malo othandiza osiya mowa ndi mankhwala ku Atlanta. Tommy Shannon, wa bezi mnzanga, nayenso analowa ku malo ena nthawi yomweyo.

Tsono pali chinthu chimene anthu osamwa sachidziwa. Mantha aakulu a woimba amene akusiya si ludzu ayi. Ndi kuopa kuti ndikakwera pa nsanja ndili wouma, mwina mulibe kanthu mwa ine, mwina zonse zija unali mowa. Stevie ankaopa zomwezo. Ine tsiku loyamba kuimba ndisanalawe kanthu, kunali ku tchalitchi, miyendo inkagundana.

Ndiye uuze mnzakoyo achite izi. Amvere chimbale cha Live Alive cha 1986, chimene anajambula ali pakati pa moto, chimene eni ake anachita kukonzakonza mu situdiyo chifukwa zina sizinatuluke bwino. Kenako amvere In Step cha 1989, atatha zaka pafupifupi zitatu osalawa. Dzina lenilenilo likunena za masitepe khumi ndi awiri amene osiya mowa amatsata. Nyimbo zingapo mmenemo analemba ndi mnzake wakale Doyle Bramhall, amenenso anasiya, ndipo zikukamba za nkhondo yomweyi. Chimbale chimenecho chinapata Grammy, mphoto yaikulu ya nyimbo ku America. Nyimbo yotsekera ndi yofatsa, yopanda mawu, gitala ikuyenda pang'onopang'ono ngati madzi a Mulunguzi mu Seputembala. Munthu woledzera sangaimbe chomwecho, alibe kudekha kwake. Amvere yekha, asamve za ine.

Amake Tadala: Madala, zikomo. Ndawerenga kawiri.

Wa Kiyibodi ku Sadzi: Madala, sindinadziwe kuti munadutsa mmenemo. Ndimakuonani mukupala matabwa ku Chinamwali ndimangoti ndi bambo ofatsa chibadwire. Ulemu wanu.

Madala a Bezi: Chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi chisiyireni mowa. Stevie akakhala pa nsanja zaka zomalizazo ankaimitsa nyimbo pakati n'kulankhula ndi anthu za kudzisamalira ndi kusamalirana. Ena ankabwera kudzamva gitala n'kubwerera atamva zimenezo. Ine nsanja ndilibe, ndiye ndalankhulira pano.

Wa ku Chikanda: Ndamutumizira mnzanga uja uthenga wanu wonse. Koma ndaona kuti anamwalira ali wamng'ono. Anabwereranso ku mowa?

Mphunzitsi wa ku Domasi: Ayi, ndipo n'chimene chimapweteka. Anamwalira ali bwinobwino, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zinayi osalawa. Usiku wa pa 26 Ogasiti 1990 anaimba ku Alpine Valley, m'chigawo cha Wisconsin, pa chionetsero cha Eric Clapton, katswiri wa gitala wa ku England. Pomaliza anakwera pa nsanja onse pamodzi: Clapton, Buddy Guy, Robert Cray, Jimmie mkulu wake, ndi iyeyo. Atamaliza panali mahelikopita anayi opita ku Chicago. Iye anapeza mpando umodzi mwa ina. Kunali nkhungu. Itangonyamuka, pakati pa usiku patadutsa, inawomba phiri laling'ono limene anthu amasewererapo pa chipale chofewa. Onse asanu anafera pomwepo: iyeyo, woyendetsa, ndi atatu a gulu la Clapton. Linali tsiku la 27 Ogasiti, tsiku lomwelo limene bambo ake anamwalira zaka zinayi m'mbuyo. Anali ndi zaka 35.

Wamawayilesi pa Msika: Ife a mu Zomba nkhungu timaidziwa. Mu Juni ukamakwera ku Ku Chawe chiperoni chitagwira, galimoto ya patsogolo pako suiona, phiri lonse lija limangosowa ngati kulibe.

Amake Tadala: Mwandikumbutsa za ku Chikangawa mu Juni 2024. Mtima wanga wabwerera komweko. Mulungu atonthoze onse otsala.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Amen, mayi. Chinanso, miyezi yomalizayo anali atangojambula chimbale ndi mkulu wake Jimmie, chinthu chimene ankachilakalaka kuyambira ali ana. Family Style chinatuluka mu Seputembala 1990, mwini wake ali kale m'manda ku Dallas. Pa maliro ake anaimba Stevie Wonder, Bonnie Raitt ndi Jackson Browne yemwe uja anamupatsa situdiyo. Ku Austin anamuimikira chipilala m'mbali mwa nyanja ya mumzindawo, ndipo mu 2015 iye ndi Double Trouble analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, kumene amalemekezera akatswiri a nyimbo. Mukawerenga bwino, kuchokera Texas Flood mpaka imfa yake ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha.

Wa Kiyibodi ku Sadzi: Albert King anamwalira 1992, ndiye kuti bambo anaika mwana. Ndamvera In Step panopa ndi mahedifoni. Wa kiyibodi uja ndani? Akudziwa kusiya mpata.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Reese Wynans. Analowa gululi mu 1985, n'kukhala anayi.

Wa ku Chikanda: Ndiye za matuzazi nditani, akuluakulu? Mawa ndili ndi kalasi koma ndikufuna kuyesanso.

Madala a Bezi: Usaboole. Pumula masiku awiri, khungu liume lokha. Ukayambanso, mphindi makumi awiri m'mawa, makumi awiri madzulo, osati maola atatu kamodzi. Ndipo usakankhe waya ndi chala chimodzi. Ika chala chachitatu pa waya, ziwiri zinazo kumbuyo kwake zithandizire, chala chachikulu chikolowekere pamwamba pa khosi, mphamvu ichokere pa mkono ngati ukutsegula chitseko cholimba. Ife tinayambira pa gitala ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, zala zinalimba pomwepo. Supagulu usiye, ameneyo ankachita chifukwa anthu zikwi agula kale matikiti.

Loweruka masana ndimakhala pa shedi. Bwera ndi gitala yakoyo ndione khosi lake. Mnzakoyo abwerenso ngati afuna.

Wamawayilesi pa Msika: Ine ndibweretsa ka ampu kanga kakang'ono ndi paketi ya mawaya a 10. Ndikatseka pa msika cha m'ma 2 koloko ndikwera kabaza.

Wa Kiyibodi ku Sadzi: Ndibwera ndi Albert King mu fulashi, kuti mwanayu amve kumene zinachokera. Aphunzitsi, Namoko muli naye?

Mphunzitsi wa ku Domasi: Ndili naye, ndi Kachamba yemwe. Ndikwera minibasi ya m'mawa.

Amake Tadala: Madala, pepani, ndafufuta kangapo ndisanatumize. Ndili ndi mchimwene wanga wamng'ono, ankaimba gitala ku kwaya kwathu, anthu ankachita kutembenuka. Panopa gitala anagulitsa, amangokhalira kumene amatcheza kachasu. Ife tikalankhula amati simudziwa kanthu. Mwina atamva kwa munthu amene anagwirapo mawaya. Ndingabwere naye Loweruka?

Madala a Bezi: Bwerani naye, mayi. Musamuuze kuti akukalangizidwa, mungomuuza kuti kuli magitala ndipo tikusowa wa rizimu. Akabwera atalawa, abwerebe. Ndili ndi gitala ina yapachikidwa pa khoma, ndiipukuta fumbi usiku uno.